Ngati bala ndi laling'ono, bere likonzedwenso chiyani?

Funso

Adokotala, ndine mayi wa zaka 44. Mwezi watha anandipeza ndi khansa kubere lakumanzere. Chotupacho ndi cha masentimita 3, chili chakukhwapa, ndipo mawere anga ndi aang'ono. Andiuza kuti pali njira ziwiri: kuchotsa chotupa chokhacho bere n'kutsala, kapena kuchotsa zam'kati mwa bere zonse podzera pabala laling'ono, n'kusiya khungu ndi nsonga. Koma panjira zonse ziwirizi akunenanso za kukonza bere. Ngati bala likhala laling'ono, chokonzanso n'chiyani? Nanga sindingayambe ndathana kaye ndi khansayi, za maonekedwe n'kudzaziona m'tsogolo?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi uthenga umene mwalandirawu. Mwachita bwino kufunsa panopa musanalowe ku thiyeta, chifukwa mmene bere lanu lidzaonekere zaka zikubwerazi zimadalira kwambiri zimene zichitike pa opaleshoni yoyambayi.

Bala ndi polowera chabe. Kuchepa kwake sikuchepetsa zotuluka m'kati. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chotupa cha masentimita 3 sachichotsa chokha, amachichotsa pamodzi ndi mnofu wabwinobwino wochizungulira kuti pasatsale mizu. Tinene kuti dokotala watenga sentimita imodzi mbali zonse. Chatulukacho ndi chidutswa chobulungira cha masentimita 5, chomwe ndi mamililita pafupifupi 65. Kwa mayi amene bere lake ndi la mamililita 900, aka n'kachinthu kochepa, sipaoneka kusintha kwenikweni. Kwa inu, ngati bere lanu lili mamililita 250 kapena 300, chachoka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a bere lonse. Khungu angalisoke mwaluso chotani, kunsi kwake kwatsala dzenje.

Dzenje limeneli limanamiza. Masabata oyamba limadzaza ndi madzi a m'thupi, bere n'kumaoneka lodzaza ngati kale, mayi mtima n'kukhala pansi. Pang'onopang'ono thupi limamwa madzi aja. Kenako pamabwera chithandizo chowotcha maselo a khansa ndi cheza champhamvu, chija timati rediyeshoni, chimene pafupifupi mayi aliyense wa msinkhu wanu wosiyiridwa bere amayenera kulandira. Rediyeshoni imaumitsa mnofu ndi kuufotetsa. Pakatha miyezi ingapo, nthawi zina chaka kapena ziwiri, pamalo paja pamalowa m'kati, khungu limamatirira kuchifuwa, nsonga ya bere n'kukokedwa kuloza kumene kunali chotupa. Kukonza bere lofika pamenepa n'kotheka koma n'kovuta, chifukwa mnofu umene wadutsa pa rediyeshoni sutanuka, magazi sayendamo bwino, ndipo zilonda zake zimachedwa kupola. Yankho la funso lanu lachiwiri lagona apa. Ngati musankha kusiyiridwa bere, nthawi yabwino yotsekera dzenjelo ndi tsiku la opaleshoni lomwelo, kapena masabata ochepa pambuyo pake, rediyeshoni isanayambe.

Mwina mukudzifunsa ngati kusiya bere si kusewera ndi moyo. Funso limeneli linavutitsa madokotala kwa nthawi yaitali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, William Halsted wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anakhazikitsa opaleshoni yochotsa bere lonse, minofu ya pachifuwa ndi anabere onse a m'khwapa, ndipo kwa zaka zoposa 70 imeneyi ndiyo inali njira. Amayi ankatsala ndi nthiti zoonekera pakhungu, ambiri ndi mkono wotupa moyo wawo wonse. Mu 1973 Umberto Veronesi ku Milan anayamba kafukufuku wa amayi 701, ndipo mu 1976 Bernard Fisher ku America anayamba wina wa amayi oposa 1,800. Zotsatira za zaka 20 zinatuluka mu 2002, ndipo zinagwirizana: amene anachotsedwa chotupa chokha anakhala ndi moyo mofanana ndi amene anachotsedwa bere lonse. Koma pa kafukufuku wa Fisher, mwa amayi amene sanalandire rediyeshoni khansa inabwerera m'bere lomwelo mwa 39 pa 100 alionse, pomwe mwa amene analandira inabwerera mwa 14 okha. N'chifukwa chake kusiya bere ndi rediyeshoni sizilekanitsidwa, ndipo njira iliyonse yokonzera bere iyenera kusankhidwa ndi rediyeshoniyo m'maganizo.

Za m'khwapa nazo zinapepuka. M'zaka za m'ma 1990, David Krag ndi Armando Giuliano anasonyeza kuti mungabaye utoto kapena mankhwala owunikira m'bere, n'kutsata mwanabere woyamba kumene madzi a m'bere amafikira, n'kuchotsa mmodzi, awiri kapena atatu okha kukawapima. Poti chotupa chanu chili chakukhwapa, nthawi zambiri zimatheka kuchita zonsezi podzera pabala limodzi.

Tisanafike pa maonekedwe, khansa ituluke yonse. Ichi sichisinthanitsidwa ndi china chilichonse. Chidutswa chikangotuluka, dokotala amasokererapo timaulusi tosonyeza kuti kumwamba n'kuti, kukhwapa n'kuti. Kulabu amachipaka inki kunja konse, kawirikawiri ya mtundu wosiyana mbali iliyonse, n'kuchidula tizidutswa topyapyala kwambiri. Pa maikulosikopu amafufuza ngati pali selo la khansa limene lakhudza inkiyo. Kuyambira mu 2014 mabungwe a akatswiri ku America anagwirizana kuti kwa khansa imene yalowerera mumnofu, inki ikapanda kukhudzidwa n'kokwanira. Kwa ija ikadali m'tinjira ta mkaka, yotchedwa DCIS, amafuna mpata wa mamilimita 2. Inki ikakhudzidwa, mayi amabwerera ku thiyeta, ndipo izi sizachilendo: kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti mmodzi mwa amayi asanu osiyiridwa bere ankachitidwanso opaleshoni ina. Apa ndi pamene kukonza bere kumathandizira khansa yeniyeniyo. Dokotala amene akudziwa kuti ali ndi chotsekera dzenje saumira podula. Amatenga mokwanira, mtima uli m'malo.

Chinthu chimodzi ndikupemphani muumirire: pamalo pamene panali chotupa aikepo tizitsulo ting'onoting'ono ta titanium asanayambe kusuntha mnofu. Bere likakonzedwa, malo a chotupa sakhalanso pansi pa chipsera. Madokotala a rediyeshoni amafuna kuwadziwa malowo kuti awonjezerepo cheza, makamaka kwa mayi wosakwana zaka 50 ngati inu, ndipo tizitsuloti ndi timene timawalozera pa sikani. Sitipweteka, sitiletsa kujambulidwa pa sikani ya maginito yotchedwa MRI.

Telala akapeza chovala chobooka ali ndi njira ziwiri: kusoka mochepetsa kuti nsalu yotsalayo itseke pobookapo, kapena kubweretsa chigamba. Kukonza bere limene lachotsedwa mbali imodzi kumayenda chimodzimodzi.

Njira yochepetsa ndi ya amayi amene ali ndi mnofu wokwanira. Krishna Clough, dokotala wa ku Paris, anafalitsa mu 2010 muyeso umene ambiri amatsatira. Ngati chochoka sichikwana magawo 20 pa 100 a bere, zimakwana kumasula mnofu wotsala kuchoka kukhungu ndi kuchifuwa, kuukokera pamodzi, n'kubwezera nsonga pakati. Ngati chili pakati pa 20 ndi 50, amabwereka luso la opaleshoni yochepetsa mawere: chotupa chimatuluka pamodzi ndi mnofu ndi khungu lowonjezera, bere n'kuumbidwanso laling'ono ndi lodzuka, chipsera n'kuzungulira mbali yakuda ya nsonga, kutsika, n'kutsata mzere wa kunsi kwa bere. Mayi wa mawere aakulu olemera amapindula kawiri, chifukwa rediyeshoni imagawika bwino pabere laling'ono ndipo msana umapepukidwa. Koma bere linalo liyenera kuchepetsedwa nalo kuti afanane. Inu njira imeneyi siyanu kwenikweni, popeza mulibe mnofu woti n'kugawa.

Yanu ndi ya chigamba, ndipo malo a chotupa chanu akukukomerani. Gwirani m'mbali mwa chifuwa, kunsi kwa khwapa, pamene pamadutsa lamba wa bra. Ngakhale mayi wochepa thupi amakhala ndi kakhungu ndi kamafuta kotsinika pamenepo. Khungu limeneli limadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi timene timachokera pakati pa nthiti, n'kuboola minofu kukwera pamwamba. Opaleshoni isanayambe, dokotala amayendetsa pakhungu kachida komvetsera magazi kotchedwa Doppler. Kakafika pamtsempha mumamva kulira kwa shii, shii, shii kotsatana ndi kugunda kwa mtima, iye n'kulembapo kadontho ndi cholembera. Kenako amakuimiritsani, manja ali pansi, n'kujambula chigambacho mozungulira madontho aja, chifukwa bere la munthu wogona silionetsa pamene padzalowe m'kati. Ku thiyeta amadula chigambacho mbali zonse koma osadula timitsempha tija, amasenda kakhungu ka pamwamba, n'kuchitembenuzira m'dzenje muja, magazi ake akuyendabe. Mnofu wogwira ntchito sukhudzidwa. Chigamba chimenechi amachitcha LICAP, ndipo anachitchukitsa ndi Moustapha Hamdi wa ku Belgium m'zaka za m'ma 2000. Pali chinzake chotchedwa TDAP, chimene Claudio Angrigiani wa ku Argentina anachifotokoza mu 1995. Icho chimachokera chakumsana pang'ono, mtsempha wake ndi wautali, choncho chimafika patali. Ngati dzenje lili kunsi kwa bere, chigamba chingachokere pansi pa mzere wa bere, pamwamba pa mimba.

Ndikuuziranitu kuti chipsera cha njira imeneyi chimakhala chachitali kuposa cha kuchotsa chotupa chokha. Chimayenda m'mbali mwa chifuwa kulowera kumsana, ndipo bra imachibisa. Mukusinthanitsa bala laling'ono ndi bere losunga kukula kwake ndi maumbidwe ake, popanda kukhudza bere linalo komanso popanda kuika chinthu chachilendo m'thupi. Kwa ine msintho umenewu ndi wabwino, ndipo amayi ambiri akamvetsa za dzenje lija amauvomera mosavuta. Chigamba chotere chimapirira rediyeshoni bwino, ngakhale chingalimbe ndi kufota pang'ono, n'chifukwa chake dokotala amachidzazitsa mopyolako pang'ono dala.

Pali chigamba chakale kuposa zonsezi, cha mnofu waukulu wa kumsana wotchedwa latissimus dorsi, chimene Iginio Tansini wa ku Italy anachigwiritsa ntchito mu 1906. N'chodalirika kwambiri, sichifa wamba, ndipo masiku ano ena amachikolola ndi kamera kuti chipsera cha kumsana chichepe. Koma chimatenga mnofu wogwira ntchito. Kumsana kumakonda kusonkhana madzi kwa masabata angapo, ndipo amene amayendera ndodo za m'khwapa, amene amadziyendetsa pa njinga ya olumala, kapena osambira, amamva kuti phewa lachepa mphamvu. Ine ndimakonda kuchisunga ngati nkhokwe ya m'tsogolo, ngati zinthu zitadzavuta. Ubwino wina wa LICAP ndi umenewu: sichikhudza mtsempha umene umadyetsa mnofu wa kumsanawu.

Madokotala ena amagawa ntchitoyi pawiri. Amachotsa chotupa, amadikira zotsatira za inki, ndipo zikatuluka bwino amabwerera pakatha masabata awiri kapena atatu kukaika chigamba. Izi zimateteza kuwononga chigamba pabere limene mwina lidzafunika kuchotsedwa lonse. Mtengo wake ndi kugonekedwa kawiri. Ngati pa sikani malire a chotupa sakuoneka bwino, njira yodikirayi ndi yanzeru.

Tsopano njira yachiwiri imene anakutchulirani. Apa zam'kati zonse zimachoka. Chotsala ndi khungu, kamafuta kochepa kunsi kwake, ndi nsonga ya bere. Bala amaliika pamzere wa kunsi kwa bere kapena chakukhwapa. Madokotala ena, makamaka ku Japan, Taiwan ndi South Korea, amalowetsa kamera pabala la masentimita ochepa, ndipo ku Milan Antonio Toesca anayamba kugwiritsa ntchito loboti cha m'ma 2014. Zipsera zake n'zochepa ndithu. Koma mu 2019 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza kuti umboni woti loboti imateteza amayi ku khansa kwa zaka zambiri mofanana ndi opaleshoni ya masiku onse unali usanakwane. Musasankhe dokotala chifukwa cha makina ake. Chimene chimapambanitsa opaleshoni imeneyi ndi dzanja lodziwa makulidwe a khungu loyenera kutsala. Likatsala lochindikala, mwatsala mnofu wa bere umene khansa ingabwereremo. Likapyapyala, magazi samafika, limada n'kufa, ndipo zimene mwaika m'kati zimakhala pambalambanda. Zipatala zina zimabaya utoto wobiriwira m'magazi n'kuunika ndi kamera yapadera kuti aone pamene magazi akufika opaleshoni ili m'kati. Kamnofu ka kuseri kwa nsonga amakatumiza kulabu pakokha, ndipo kakapezeka ndi khansa, nsongayo imachoka.

Bere laling'ono losagwa, chotupa chili kutali ndi nsonga, ndiye loyenerera bwino opaleshoni imeneyi. Koma pali chimene amayi ambiri sauzidwa momveka: nsonga yotsalayo ndi yongoona ndi maso basi. Mitsempha ya kumva imadutsa m'mnofu umene wachotsedwawo, choncho khungu ndi nsonga zimachita dzanzi, ndipo kumva kukabwerera kumabwerera pang'ono. Siyamwitsa. Alipo amayi amene apsa ndi botolo la madzi otentha kapena dzuwa osamva kanthu. Bere losiyidwa n'kuikidwa chigamba limasunga kumva kwake kwambiri, ndipo kwa mayi wa zaka 44 ichi si chaching'ono.

Khungu lotsalalo liyenera kudzazidwa, ndipo zodzazira zilipo ziwiri: kathumba ka silikoni kapena mnofu wanu womwe.

Kathumba ka silikoni, kamene madokotala amati implant, anakayambitsa ndi Thomas Cronin ndi Frank Gerow ku Houston mu 1962. Khungu likakhala ndi magazi abwino, amakaika tsiku lomwelo n'kuthana nazo. Likakhala lokayikitsa, amayamba ndi kathumba kongoyembekezera kopanda kanthu, kuti khungu lipume kaye. Bala likapola mumapita ku kiliniki sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse. Namwino kapena dokotala amayendetsa kamaginito pakhungu kufufuza pobayira, amalowetsa singano, n'kupopera madzi a mchere mamililita 50 kapena 100. Mumamva chifuwa kukungika kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako khungu limazolowera. Kukula kukakwana, opaleshoni yachiwiri imachotsa kameneka n'kuika kokhazikika. Kale kathumba kankaikidwa kunsi kwa mnofu wa pachifuwa, ndipo mayi akanyamula chinthu bere linkadumpha n'kupindika. Kuyambira cha m'ma 2005 kunabwera tinsalu topangidwa kuchokera kukhungu lochotsedwa maselo, kenako maukonde opangidwa kufakitale, zokutira ndi kuchirikiza kathumbako, ndipo ambiri tsopano amakaika pamwamba pa mnofu. Ululu umachepa, koma kwa mayi wochepa thupi makwinya a kathumba amaonekera pakhungu.

Opaleshoni ya silikoni ndi yaifupi ndipo siisiya chipsera kwina. Koma kathumbaka si ka moyo wonse. Kangabooke, kangalowe matenda n'kufunika kuchotsedwa, ndipo pa zaka zimene zili patsogolo panu muyembekezere kudzabwereranso ku thiyeta. Thupi limakakuta ndi kachikopa, ndipo kachikopa kameneka kakakhwinyata, bere limauma gwa, limakwera m'mwamba, n'kumapweteka. Rediyeshoni imachulukitsa kwambiri vuto limeneli. Pali khansa ina yosowa ya m'gulu la lymphoma, khansa ya maselo a chitetezo cha m'thupi, imene imamera mozungulira timathumba tokhakhala kunja, ndipo mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timathumba take ta mtundu wa Biocell pa chifukwa chimenechi. Funsani mtundu wa kathumba kamene akuikeni ndipo musunge khadi lake. Dziwaninso kuti bere la silikoni limakhala lozizirirapo ndipo siligwa ndi zaka, pomwe linzakelo likugwa.

Ndikuchenjezeni pa maganizo amene ndimawamva kawirikawiri, akuti "ndichotse lonse kuti ndithawe rediyeshoni". Sizitheka nthawi zonse. Anabere a m'khwapa akapezeka ndi khansa, rediyeshoni ingabwerebe ngakhale bere lachoka lonse, ndipo idzapeza kathumba kali kale m'kati. Zimenezi zikambidwe opaleshoni isanachitike.

Kudzaza ndi mnofu wanu ndi ntchito yaikulu koma yokhalitsa. Mu 1982 Carl Hartrampf ku Atlanta anafalitsa njira yotenga khungu ndi mafuta a pamimba pamodzi ndi mnofu wake, ndipo amayi ena ankatsala ndi mimba yofooka kapena chophuka. Isao Koshima ndi Shugo Soeda ku Japan anasonyeza mu 1989 kuti khungu ndi mafuta zingatengedwe mnofu n'kutsala, ndipo mu 1994 Robert Allen ku America anafalitsa za kuumba bere ndi chigamba chimenechi, chomwe lero timati DIEP. Amayamba ndi sikani ya CT kuona pamene timitsempha tabwino taboolera mnofu wa pamimba. Ku thiyeta dokotala amatsata kamtsempha kamodzi kapena tiwiri pakati pa ulusi wa mnofu mosadula mnofuwo, mpaka kukafika pamtsempha waukulu chakuchinena. Chigamba chonse cha pakati pa mchombo ndi chinena chimachotsedweratu m'thupi, n'kukalumikizidwa pachifuwa ku mitsempha ya kuseri kwa nthiti, pafupi ndi fupa la pakati. Mitsemphayi ndi ya mamilimita 2 kapena 3, ndipo amaisoka pa maikulosikopu ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Zimatenga maola 6 mpaka 8. Usiku woyamba simugona bwino, chifukwa namwino amabwera ola lililonse kudzaona mtundu wa chigambacho, kuchikhudza ngati chili chofunda, kuchidina kuona ngati magazi akubwerera, ndi kumvetsera ndi Doppler. Magazi akaundana polumikizira paja, pamakhala maola ochepa okha obwerera ku thiyeta kukachipulumutsa. M'manja ozolowera, chigamba chimatayika chonse mwa mayi mmodzi kapena awiri pa 100. Mumayenda chowerama masiku oyamba, kuchira kumatenga masabata 6 mpaka 8, ndipo chipsera chimachokera m'chiuno mbali ino kukafika mbali inayo. Pamimba pamatengedwa kamodzi kokha pamoyo. Phindu lake ndi bere lofewa, lofunda, lonenepa mukanenepa, lochepa mukachepa, losafuna kusinthidwa. Mayi wopanda mafuta pamimba angatengedwe m'ntchafu chakum'kati kapena m'thako. Opaleshoni imeneyi imafuna gulu lozolowera kusoka mitsempha, ndipo si chipatala chilichonse chili nalo.

Zotsala ndi zokongoletsa. Mafuta angakokedwe ndi kapaipi pamimba kapena m'ntchafu, kuyeretsedwa, n'kubayidwa pang'onopang'ono pamene palowa m'kati kapena pamene makwinya a kathumba akuonekera. Ena mwa mafutawo thupi limawamwa, choncho amabwereza kawiri kapena katatu. Imeneyi ndiyonso njira yoyamba yothandizira mayi amene anabwera mochedwa ndi dzenje laling'ono. Nsonga ikachotsedwa, amaumba ina ndi khungu la pomwepo pakatha miyezi ingapo, mtundu wake n'kuulemba ndi tatuu.

Ndikanakhala kuti ndikulangiza mlongo wanga amene ali ndi zimene mwafotokozazi, chotupa chimodzi, chakukhwapa, m'bere laling'ono, ndikanamuuza kuti afunse kaye za kusiya bere n'kuikidwa chigamba cha m'mbali mwa chifuwa. Moyo wake sukhala pangozi yoposa ya wochotsedwa lonse, bere limakhala lake lomva, ndipo salowa m'ndandanda wa maopaleshoni osintha timathumba. Koma pali zinthu zimene zingatembenuze malangizo amenewa. Ngati sikani ionetsa zotupa zingapo m'mbali zosiyana, kapena DCIS yofalikira, bere lonse lingafunike kuchoka. Ngati kubanja kwanu alipo angapo amene anadwala khansa ya m'mawere kapena ya m'mabasiketi a mazira, pemphani kuyezedwa majini a BRCA1 ndi BRCA2, chifukwa zotsatira zake zimakhudza mawere onse awiri. Ngati simungathe kulandira rediyeshoni pa chifukwa chilichonse, kusiya bere sikukuyenerani. Funsaninso mtundu wa khansa yanu. Ikakhala ya HER2 kapena ija amati triple negative, chotupa cha masentimita 3 nthawi zambiri amayamba ndi mankhwala opha maselo a khansa, aja timati kemo, opaleshoni isanachitike, ataika kachitsulo pakati pa chotupa kuti malo ake asasowe. Chikafota, chochotsa chimachepa, mwina chigamba osafunikanso.

Za kudikira, ngati bere lichoka lonse, khomo silitsekeka. Alipo amayi amene amakonzedwa patatha zaka, ndipo alipo amene amasankha chifuwa chosalala, kuvala bere loikira mu bra kapena osavala kanthu, ali okhutira. Ameneyo ayenera kusokedwa mosamala chimodzimodzi, popanda makutu a khungu otsala m'khwapa. Kungoti mukadikira, khungu ndi nsonga sizisungika, ndiye bere lodzaumbidwa pambuyo limakhala ndi zipsera zambiri.

Kukonza bere sikudzutsa khansa ndipo sikuibisa. Bere losiyidwa lipitiriza kuunikidwa ndi ekisire ya bere, ija timati mamogalamu, chaka ndi chaka. Nthawi zina mafuta a m'chigamba amafa pang'ono n'kupanga kabulu kolimba kosaopsa, koma kabulu kalikonse katsopano kapimidwe, musakaganizire nokha. Ngozi yeniyeni ndi bala lokana kupola, chifukwa limachedwetsa kemo kapena rediyeshoni. Ngati mumasuta fodya, siyani masabata osachepera 4 opaleshoni isanachitike, popeza chikonga chimafinya timitsempha tomwe chigamba ndi nsonga zikudalira. Ngati muli ndi shuga, atsike kaye.

Pemphani kuti dokotala wochotsa khansa, wokonza bere ndi wa rediyeshoni akambirane za inu tsiku la opaleshoni lisanaikidwe. Afunseni kuti achotsa gawo lalikulu bwanji la bere, atseka ndi chiyani, ndipo achita chiyani inki ikakhudzidwa chigamba chili kale m'kati. Akakuonetsani zithunzi za ntchito yawo, pemphani za amayi a mawere onga anu zojambulidwa patatha chaka kapena ziwiri chilandirireni rediyeshoni, osati za sabata yachiwiri. Kutenga masabata awiri kapena atatu kukonzekera zimenezi sikukuikani pangozi, koma musalole kuti ifike miyezi.